Dzanja la Kaputeni

Lachinayi lililonse ku Wolverhampton,
m'kachipinda ka pamwamba pa shopu ya tchipisi,
timasonkhana anthu asanu
kudzakangana za munthu amene sanabadwepo.

Mawindo achita nthunzi. Panja kamvula kaja
kosagwa kosaleka, kolowa m'mafupa mwaulemu.
Sunganani sanavule n'komwe jekete,
chala chili kale m'mwamba:
"Chaka chachiwiri, gawo lachisanu,
Kaputeni Sedrani anaduka dzanja lamanzere
pa mwezi uja wa madzi oundana.
Nanga dzulo chitsulo chimawala kumanja bwanji?
Alembi atsopanowa akutiyesa ana."

Moira akupukusa mutu, viniga ali kuzala.
"Dzanja ndi nkhani yanji?
Mayi amene analumbira pamaso pa chombo chonse
kuti sadzasiya munthu m'mbuyo,
dzulo wasiya makaniko wake pa dziko loyaka,
chitseko pha! osacheuka.
Ameneyo si iye. Andibwezere wanga."

Priyesh watsegula kope lake lothaitha,
masiku, maina a nyenyezi, mizere yofiira.
Akuti mwina pali thambo lachiwiri,
mwina uyu ndi mapasa, mwina ndi loto la makina.
Amasoka chilichonse chong'ambika mnyamatayu,
ngakhale nsalu itatha, ulusi okha.
Gethin akungofuna kudziwa amene wamaliza mchere.

Ine chete, tiyi akuzizira.
Ndachokera ku ntchito, nyumba ya okalamba,
kumene bambo Alwyn a m'chipinda cha kumapeto
Lolemba amati akazi awo anamwalira kalekale,
Lachiwiri akuti angopita kukagula buledi.
Mwana wawo amaima pakhomo, makiyi m'manja,
kundinong'oneza: awa si bambo anga.
Koma ndine ndimawasambitsa,
ndipo chipsera cha ku fakitale chikadali pomwepo,
pansi pa chala chachikulu.
Akamva nyimbo yoyambira seweroli
amawongoka pampando ngati msilikali.

Sindinawauze anzangawa za Ndaona,
mlongo wanga wa ku Dedza, mawu ake pa foni:
"Achimwene, mwasintha.
Pa bwalo la ndege paja munati zaka ziwiri zokha."
Chino n'chaka chakhumi ndi chimodzi.
Maliro a bambo ndinawaonera pa kagalasi ka m'manja,
nditakhala pa masitepe, yunifolomu ili m'thupi,
netiweki ikudukaduka pakati pa nyimbo.
Akanakhalapo wosunga kope la moyo wanga
bwenzi atadzaza tsamba ndi inki yofiira:
uyu si yemwe uja wa gawo loyamba,
ananena zina, akuchita zina,
ngakhale kaseka kake kasintha.

"Iwe Chatonda, usangoti duu, uli mbali iti?"

Ndikuti: za dzanjazo analakwitsadi,
wina anagona pa ntchito, alembereni kalata.
Koma chitseko chija
ine ndachikhulupirira.
Munaona mmene anaimira pambuyo pake,
mphumi atagunditsa pa chitsulo,
mpweya wake ukuchita nkhungu pa galasi?
Wolumbira ndi wophwanya lumbiro
amavala nsapato imodzi.

Moira akuti ayi, sewero si moyo,
timayatsa kanema kuti tipeze munthu mmodzi
amene mawa adzakhala monga analili dzulo.
Ndasowa chomuyankha,
poti inenso ndi chomwecho chimene ndinkadzera.

Mwini shopu wagogoda denga ndi tsache.
Tikutsika mmodzimmodzi, mkangano uli pakamwa,
Sunganani akuwerengabe zala pa masitepe.
Pa siteji ya basi ndatulutsa foni.
Ku Dedza ndi pakati pa usiku, Ndaona anagona.
Ndalemba, ndafufuta, ndalembanso.
Basi yafika yopanda munthu, yowala ngati chombo,
ndipo ndakweza dzanja kuti iime,
osakumbuka kuti ndi liti.