Makwerero a Bambo pa Zipilala za Lena

Erchim anazimitsa injini tisanafike kumtunda,
bwato n'kumatsetsereka lokha
mpaka linakagunda mchenga pansi pa zipilala.
Miyala italiitali, yofiirira ngati njerwa zosapsa bwino,
ili ndanda m'mbali mwa mtsinje mpaka kumene maso alekera.

Mlonda wa nkhalango analemba mayina athu m'buku,
nati: musathyole kanthu, musatole ngakhale kamwala.
Bambo anangomwetulira. Anaika chitumbuwa pa udzu,
gawo la mwini malo,
namanga kansalu kobiriwira pa chingwe cha ubweya wa hatchi.
"Pita wekha, Tuyaara. Maondo anga anatsala pamwambapo kalekale."

Ndinakwera.
Udzudzu unandiperekeza ngati ndili nawo ngongole.
Matabwa ena atsopano, onunkhira utomoni,
ena akuda, oterera, odyedwa ndi chisanu cha miyezi isanu ndi itatu.
Ndinawerenga mpaka mazana atatu,
mpweya n'kundithera, chiwerengero n'kubalalika.
Nditagwada kuti ndimange chingwe cha nsapato
ndinaona pa thabwa lina lakale
misomali itatu yokhomedwa mopingasa,
monga ilili pa chitseko cha khola la ng'ombe kwathu ku Sinsk,
monga ilili pa kampando kanga ka paubwana.
Zaka makumi awiri ankanyamuka madzi oundana akangosweka,
n'kudzabwera masamba akuyoyoka, mapewa atasupuka,
ine osafunsa n'komwe kumene ankapita nayo hamala ija.

Pamwamba mphepo inabalalitsa udzudzu.
Mtsinje unali utayala chagada, zilumba zamchenga zili mbuu,
dzuwa la madzulo a Juni likukana kulowa.
Alendo awiri anajambulana, natsika akutafuna nsomba youma.
M'thanthwe, pafupi ndi dzanja langa,
munadindika kanyama ka m'nyanja yomwe inaphwa
munthu asanaponde dziko.
Ndinakakhudza ndi chala. Ndinakasiya pomwepo.

Pansi penipeni, kadontho ka chipewa chofiira pafupi ndi bwato.
Ndinakuwa: Bambo! Ndaiona misomali yanu!
Mawu anagwera m'mipata ya miyala, osabwerera.
Kadonthoko sikanatembenuke.
Kanali kataima pa thabwa loyamba la makwerero,
kakuligwedeza ndi phazi,
kuyesa ngati anyamata a chaka chino analikhoma bwino.