Wolemba Zikwangwani pa Boma

Malo anga ali kuseri kwa depoti,
pansi pa mtengo wa nimu.
Zaka khumi ndi zinayi tsopano,
burashi m'manja, palafini m'mphuno.
Bungwe lililonse la kuno ku Mangochi
limayamba lagona chagada pa benchi yanga
lisanakaime m'mbali mwa msewu.

Alipo a galimoto zoyera zazitali.
Satsika, amatuma mnyamata ndi pepala,
dzina lake lotalika ngati msewu wa ku Makanjira,
pansi pake mbendera ya dziko
lomwe sindidzalipondako.
Amafuna makoteshoni atatu, chidindo, siginecha.
Cheke chawo chimayenda ngati nkhono,
koma chikafika
Rashida wanga sabwezedwa pa geti ya sukulu.

Alipo a komiti ya mzikiti wa kwa Mponda.
Anakumba mjigo, nandiuza kuti,
lemba zobiriwira, madzi awa ndi a aliyense.
Sabata yomweyo asisitere a kumapiri a Namwera
anafuna muvi woloza ku sikelo ya ana.
Penti yoyera ya onse awiri
inachokera m'chitini chimodzi.
Sindinawauze.

Anyamata obzala mitengo kwa Chimwala
analipira theka, theka linalo mbande zisanu ndi ziwiri.
Zitatu zinagwira.

Koma amayi a banki mkhonde a ku M'baluku
sanafune chikwangwani.
Anasenza bokosi lachitsulo la maloko atatu,
makiyi ali kwa anthu atatu osagwirizana nkhope,
nati, pa chivundikiro apa ulembepo Tiyesenawo.
Msungichuma wawo, Abiti Wisiki,
ananditsitsa mtengo mpaka ndinatuluka thukuta,
kenaka anamasula mfundo ya chitenje
nawerenga ndalama zofota ngati masamba a fodya.

Pa wailesi bwana wina amawerenga chuma cha dziko
m'maperesenti ndi mabiliyoni.
Ine ndimachiwerenga chonchi:
cheke chija boma linayamba ladulapo msonkho,
Che Likaka anatengapo ya kuwotcherera felemu,
a Nasiyaya a hadiweya ya penti ndi misomali,
Twaibu wa kabaza ya kupalasa nacho mpaka Namiyasi
chitamugwira mphepo ngati thanga la bwato.
Twaibu anagula tomato kwa mayi wina
amene analipira chiphaso cha msika,
yotsalayo nakaponya Lachinayi
m'bokosi lija la maloko atatu.
Amati mabungwewa sachita phindu.
Phindulo limatulukira khomo lakuseri,
timakumana nalo ife.

Chaka chatha galimoto yoyera inabweranso.
Ulendo uno bwana anatsika yekha,
chikwangwani chili kumbuyo, miyendo ili ndi dothi.
Anati pulojekiti yatha, fufuta.
Sanafunse koteshoni.

Mtsikana amene ankayendera odwala pa njinga yamoto
pano akugulitsa mayunitsi pafupi ndi mlatho.
Holo ya misonkhano ya pa loji
akuyanikamo zofunda.
Wophika tiyi wa maphunziro uja anabwerera kwawo ku Katuli,
ndipo odwala aja sindikudziwa akuwayendera ndani.

Ndinapaka yoyera kawiri.
Chinakhala mwezi chitatsamira nimu,
mbuzi zikuchinunkhiza.

Mmawa wina Abiti Wisiki anaima patsogolo pake,
nachigogoda ndi chala ngati wogula chivwende.
Tatsegula chigayo, anatero,
bokosi lija lakula, likufuna dzina la panja.
Mtengo anautsitsanso, inde.

Lero chili chilili pa mphambano ya ku M'baluku,
Tiyesenawo Chigayo, zilembo zofiira,
gaga atamatirira m'makona.
Dzuwa likafika paliwombo, ukayandikira,
mbendera ija imaoneka pansi pa penti
ngati chipsera cha katemera pamkono.
Amayiwo alibe nayo nthawi.
Ali mkati, akuwerenga ndowa,
ndipo mnyamata woyendetsa injini
amalandira malipiro pa mwezi, osachedwa.