Pijo ndi Volovo ku Kapata

Galaja yanga ilibe denga,
ndi mthunzi wa mango kuseri kwa msika wa Kapata.
Lachiwiri anandibweretsera odwala awiri:
Pijo ya a Shanzi, Volovo ya aphunzitsi a Mshanga.

Pijo imadzuka ndi chifuwa,
kutsokomola katatu ngati nkhalamba ya fodya,
koma ipatseni msewu wa ku Lundazi,
maenje imameza osatafuna,
ana kumbuyo mpaka kugona pathumba la mtedza.

Volovo ndi ng'ombe ya pagoli.
Ukaponda moto siyankha msanga,
imayamba yaganiza kaye,
kenako n'kukwera chitunda osapumira, giya yachitatu.
Pokhota, chiwongolero chimafuna mapewa onse awiri.
Petulo imamwa ngati wochokera kumunda masana.

A Shanzi akuti yawo ndi mphepo.
Aphunzitsi akuti yawo ndi nyumba ya njerwa,
inagundapo mbuzi pa Mtenguleni, nyali osasweka.

Akuti ndiweruze ine.
Ndapukuta girisi m'manja, ndasuzumira pansi.
Zonse zikudontha oilo pamalo amodzimodzi,
ndipo eni ake onse sanandilipire za mwezi watha.

Ine kwathu ndimapita pa njinga.