Kumbuyo kwa Kope la Masamu

Ndinayambira tsamba lomaliza la kope la Yankho,
kulemba chobwerera m'mbuyo.
Ndinkati masamba awiri akwana.

Kabaza mpaka pa Boma.
Minibasi ya ku Limbe, ina ya ku Gulupu.
Anthu awiri, kupita ndi kubwera.
Madzi. Chigumu chimodzi, chogawana.

Achemwali anga a Delifa anakapeza posamba,
kambulu ngati njere ya nandolo
m'bere lakumanzere,
lija Yankho ankalimbirana ali khanda.
Anakhala nako chete miyezi isanu.
Amati chosapweteka sakwerera nacho galimoto.

Chipatala n'chaulere, inde,
koma msewu sunamve zimenezo.
Kanyama anadula adokotala kuti kakapimidwe
nako kanadula,
kosakwana chikhadabo, koma mbuzi yathu ya mawanga inathera pomwepo.

Ine ndimathyola tiyi kuno ku Thyolo.
Masamba awiri ndi kansonga, masamba awiri ndi kansonga,
dengu kumsana, kapitawo pa sikelo.
Zonse ndimawerenga m'makilo tsopano:
jakisoni uyu ndi madengu angati,
dzira lowiritsa ndi manja angati.
Tsiku limene ndili gadiyani sikelo sindidikira.
Chiperoni chikatsika tiyi amagona,
khansa ndiye ilibe nyengo.

Wailesi inapita.
Malata asanu ndi atatu tinkasungira pansi pa bedi anapita.
Nthochi tinagulitsa zili m'munda, zisanakhwime,
mavenda kudzadula okha tikuona.
Amayi a banki m'khonde anandibwereka kawiri,
kachitatu anayang'ana pansi.
A Mukhova a katapila sayang'ana pansi,
amaseka mano onse, nakupatsa mpando.
Alamu anawoloka malire kukasaka ganyu,
foni yawo imayankha mayi wina, uja wonena kuti sakupezeka.

Diripi yake ndi yofiira.
Pobwerera timapempha kondakitala mpando wa pazenera,
tikamafika pa Bvumbwe jumbo ndakonza kale.
Tsitsi linatsala pa pilo, pa chipeso, m'bafa.
Ndinasesa m'mawa asanadzuke,
iwo anadzuka n'kundifunsa ngati ndasunga lina lolukira.
Tinaseka mpaka anatsokomola.

Bala ndimatsuka ndine,
mzere wautali ngati kanjira ka pakati pa tiyi.
Lamlungu amapinda sokosi ya Yankho
kuika mbali yopanda kanthu,
n'kundifunsa, zafanana?
Ndimati zafanana.

Lachiwiri lina tinafika mbandakucha,
anati mankhwala atha, mubwere sabata yamawa,
kapena mukagule.
Ulendo umenewo ndinaulemba ndithu,
koma dzina loupatsa linandisowa.

Pali china sindinauze munthu.
Usiku wina, nyali ya foni ili mkamwa,
ndinalemba mtengo wa bokosi
pambali pa mtengo wa maulendo otsala,
n'kuchotsera.
Ndinafufuta ndi malovu mpaka pepala linabooka.
Bowo lilipobe. Ukayang'anira umaona
masamu a mwana, zochongedwa mofiira.

Sabata yatha tinakumana pakati,
Yankho kuchokera kutsogolo, ine kuchokera kumbuyo,
pa tsamba lija la timawaya tiwiri.
Analira kuti aphunzitsi amukwapula.
Mayi wake analanda kope,
anawerenga tsamba lililonse, chala chikuyenda pang'onopang'ono,
pa bowo paja chinaima,
kenako chinapitirira.

Anapempha pensulo.
Pansi penipeni, m'zilembo zonjenjemera, analemba:
Rozina, waiwala nsapato zako zatha ku chidendene.
Ndikachira ndine ndigule. Osafufuta.

Kwatsala maulendo atatu, atero adokotala,
kenako aonanso.
Mawa tidzuka tambala woyamba,
wakabaza ndamuuza kale, wavomera ngongole.
Ndagula kope lina pa okala ya kumsewu,
lopanda masamu a munthu aliyense.
Mzere woyamba ndalemba mtengo wake.