Wosunga Makiyi

Zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi
ndakhala ndikutseka zitseko za yunivesite ino,
pa limodzi la mapiri a Valparaíso,
pomwe mphepo ya kudoko imanunkha dzimbiri ndi nsomba.
Kale ikangokwana sikisi koloko
ndinkazimitsa magetsi, makiyi m'thumba, ulendo wa kwathu.
Lero sikisi koloko ndiye m'mawa wathu.

Amabwera Eulogio, woyendetsa makina onyamula makontena,
girizi akadali m'zikhadabo,
imvi zitamera kale m'ndevu.
Amakhala kumbuyo, pafupi ndi zenera,
kuti akayamba kusinza mphepo imudzutse.
Anandiuza tsiku lina pamasitepe:
"Mayi Fresia, masamuwa ndinawathawa ndili mnyamata,
ndawapeza akundidikira pano, sanakalambe n'komwe."

M'chipinda nambala naini, momwe Pulofesa Irarrázaval
ankasungiramo mabuku a Chilatini osawerengedwa,
lero muli timabedi tisanu ndi titatu
ndi fungo la mkaka.
Anakwiya akuluwo, analemba makalata atatu,
amvekere sukulu yasanduka chikuta.
Mabuku aja tinawatsitsira m'chipinda chapansi.
Koma sabata yatha ndinawaona ndi maso angawa
atanyamula mwana wa Ismenia paphewa,
akuyenda naye m'khonde uku ndi uku,
amake ali m'kati kulemba mayeso a unamwino.
Sindinanene kanthu. Nawonso sananene.

Tsidya la msewu anatsegula koleji ya ntchito zamanja,
yopanda nsanja, yopanda belu,
pamwamba pa sitolo ya nsapato.
Miyezi isanu ndi umodzi, setifiketi m'manja, basi.
Mabwana athu ankaiseka podya nkhomaliro.
Mipando itayamba kutsala yopanda anthu, phwete linatha.
Tsopano nawonso amadula maphunziro m'zidutswa
ngati wogulitsa nyama amene wazindikira
kuti si aliyense angagule mwendo wonse.

Chomwe sindinachizolowere ndi holo yaikulu.
Mipando mazana atatu, yonse ndaipukuta,
koma mphunzitsi wachitsikana amaima yekha kutsogolo
kuyankhula ndi kadiso ka kamera.
Akuti ophunzira ake ena ali kumigodi ya kumpoto,
wina pachilumba cha Chiloé, kudikira mvula ikate
kuti netiweki ibwerere,
wina m'basi, foni pakhutu.
Amaponya nthabwala, n'kudikira pang'ono.
Kuseka kumafika mochedwa, kapena sikufika.
Nthawi zina ndimaseka ndine, kuseri kwa chitseko,
kuti asamve ngati akulalikira kumanda.

Sindikudziwa ngati zonsezi n'zabwino.
Kale ana ankakangana pabwalo mpaka mawu kusasa,
za boma, za Mulungu, za mtengo wa buledi.
Lero amathamanga. Aliyense shifiti ikumudikira,
ngongole ya fizi ikumutsata ngati galu wanjala.
Pakhomo pa laibulale anaikapo kabati ya zakudya:
wokhala nazo amasiya, wosowa amatenga,
ndipo tonse tinaphunzira kuyang'ana kumbali.

Mwezi wathawu mlembi wa ku ofesi anandiitana.
Ndinaganiza za penshoni, mtima unagunda.
Anandipatsa fomu.
Akuti nafenso okolopa ndi olondera
tikhoza kulowa kalasi imodzi kwaulere.
Ndaipinda kanayi, ili m'thumba limodzi ndi makiyi,
m'mbali mwake mwayamba kale kuda.
Ine sukulu ndinaisiya bambo anga atamira ndi bwato,
ndisanadziwe kugawa manambala aatali.

Pali kalasi ya mbiri ya panyanja,
Lachinayi, hafu pasiti eyiti.
Eulogio akuti adzandisungira malo pazenera.
Vuto n'lakuti chipindacho ndimatsegula ndine,
ndipo ndikangotsegula chitseko
miyendo yangayi inazolowera kubwerera.