Zenera Lachitatu

Ku Madurai dzuwa limatitsogolera ku ntchito.
Ndikamatsegula zenera lachitatu, la thandizo la ophunzira,
mzere umakhala utakhota kale mpaka patsinde pa bwemba,
aliyense atafungatira envulopu pachifuwa
ngati khanda lodwala.

Lero woyamba ndi Thenmozhi.
Tsitsi lake likununkhira maluwa otsala pa malonda a dzulo.
Mayi ake amatunga jasimini pa ulusi kuchipata cha kachisi,
amagulitsa poyeza ndi mkono,
ndipo fomu yanga ikufunsa: makolo amapeza zingati pachaka?
Kabokosi koyankhiramo n'kochepa ngati chikhadabo.
Alembemo chiyani mwanayu?
Mwezi wa maukwati maluwa amalipira lendi ndi mpunga,
mwezi wa mvula amaolera m'dengu.
Fomu sidziwa mvula.

Akufuna kuphunzira za mankhwala.
Wanena motsitsa, ngati akuulula mlandu.

Ndamuwerengera njira monga ndichitira tsiku ndi tsiku,
pakamwa pakuyenda pokha, ngati kondakitala wotchula masiteji.
Ilipo ya boma, ya amene wayamba kuponda koleji pamtundu pawo,
koma imafuna kalata yachidindo,
ndipo mwini chidindo amaoneka Lachiwiri lokha,
akakhala kuti sanapite kumaliro.
Lilipo thumba la eni mafakitale a nsalu:
limanyamula anthu khumi ndi awiri,
ofunsira angadzaze sitima.
Iliponso ganyu ya madzulo, kubwezera mabuku m'mashelefu,
imakwana ya basi ndi tiyi, fizi siifika n'komwe.

Ndiye pali banki.

Apa lilime langa limalemera.

"Amayi anena kuti avula makoza awo agolide," akutero,
"akapereke chikole."
Chokupizira mphepo chikuzungulira kudenga, chikungotakasa kutentha.
Sindinamuuze kuti mayi anga tinawaika manja ali osavala,
makoza awo atatsalira m'kabati ya wokongoza ndalama
kuseri kwa msika wa nthochi.
Sindinamuuze kuti ndinavala chisoti cha digiri zaka khumi ndi zinayi zapitazo
ndipo pa faifi mwezi uliwonse
foni imalira kundikumbutsa kuti ndinaphunzira.
Ngongole imalowa pakhomo ikuseka, itavala bwino.
Chiwongoladzanja chimabwera m'mbuyo chitavula nsapato.

Komabe ngongoleyo ndiyo inandikhazika pampando uno.
Ndikaitukwana, nditukwana ndi pakamwa pomwe inadyetsa.
Walira mvula walira matope.

Ndiye ndangoti: yamba ndi zosabweza.
Gogoda paliponse, ngakhale pamene ukuona kuti sayankha.
Banki ikhale khomo lomaliza, ndipo ukakalowa
ukawerenge timalemba tating'ono ta pansi, kawiri, mokweza,
ukafunse kuti kubweza kumayamba liti,
usakachite manyazi, safunsa anadya phula.
Lemba ndi pensulo kaye.
Kalata iliyonse uijambulitse katatu, pano mapepala amamera miyendo.
Makoza a mayi ako akhale pamkono pomwepo
kufikira titaona mayankho a mwezi wa mawa.

Kabokosi kaja tadzaza limodzi.
Taphatikiza miyezi ya maukwati ndi miyezi ya mvula,
tagawa, tapeza nambala yooneka yaulemu
imene sinalowepo m'nyumba mwawo n'kamodzi komwe.
Wasaina pang'onopang'ono, dzina lonse, chilembo ndi chilembo,
ngati akutunga maluwa.

Pochoka wasiya kankhata ka jasimini pakauntala,
kotalika kuchokera pachala kufika pachigongono.
Ndamuitana, wasowa kale pakati pa maambulera.
Lamulo la ofesi limaletsa kulandira mphatso.
Ndakaponya m'dirowa ya pansi,
momwe mumagona mafomu okanidwa a chaka chatha.

Pofika masana dirowa yonse ikununkhira,
mayina onse aja, zithunzi zonse zija za maso otong'ola.

Kunja mzere sunafupike.
Mnyamata wa malaya obwereka wasendeza envulopu yake pansi pa galasi,
m'mphepete mwake mwanyowa ndi thukuta la m'manja.

Wotsatira.