Kaswichi ka Pansi pa Mpando

Usiku wa Lachiwiri anaba Chevrolet ya Olegario,
nyumba yachitatu kuchokera pano, mumsewu wa Grecia.
Galu ali mtulo, mwini wake ali mtulo.
M'mawa anangopeza dontho la oyilo pa simenti,
ngati chidindo cha chala cha munthu wosadziwa kulemba.

Lachinayi ndinakwera basi kutsikira pakati pa Montevideo,
m'thumba muli chithunzi cha Peugeot yanga ya 1959,
ya mtundu wa mkaka wodonthezera khofi,
ngati ndikupita kukafunsira mwana malo a sukulu.

Yamandú, mnyamata wa m'sitolo, anayala mabokosi atatu.
Iyi, akuti, imalira ngati nkhumba yomangidwa miyendo.
Iyi imakutumizirani uthenga pa foni,
muziona kadontho kofiira kakuthawa pa mapu.
Iyi imamva ngakhale mphaka akaponda boneti.

Ndinati, mwanawe, galimoto yanga imayenda Lamlungu lokha.
Masiku enawo kachipangizo kako
kazidzayamwa batire ngati nkhupakupa.
Anati, tingoboola pang'ono apa, tidutsitse waya.
Kuboola?
Pamene Nilda ankapukuta ndi mpango wake
tisananyamuke ulendo wa ku Piriápolis?
Ndinabweza chithunzi m'thumba.

Sindinamuuze zonse.
Khutu lamanzere ndinalisiya ku fakitale ya nyama,
zaka makumi atatu za makina ndi macheka,
lamanja ndi lomwe ndimagonera.
Ndipo kwathu ku Cerro alamu ikalira pakati pa usiku
anthu amangotembenuka pabedi,
n'kutukwana mwini galimoto.
Wakuba satukwanidwa.
Nanga kadontho kofiira ako,
ndikathamangitsa ndi mawondo ati?

Kuseri kunatuluka bambo ake, Atilio,
manja akuda, chikho cha tiyi wowawa m'dzanja,
akuyamwa ndi kabango kachitsulo, osafulumira.
Anapempha chithunzi, nachiyang'ana nthawi yaitali.
Wakuba, anatero, saopa phokoso.
Amaopa kuchedwa.
Anatulutsa m'kabati kaswichi kochepa ngati nyemba.
Kamadula moto wopita ku injini, basi.
Apotokole waya, atukwane, atuluke thukuta,
galimoto ingotsokomola, osadzuka.
Koma pobisa musankhe nokha.
Ngakhale ine musandiuze mokweza.

Mtengo wake sunafike wa nyama ya Lamlungu.
Yamandú anabweza mabokosi ake, tsinya lili pamphumi.

Masiku awiri ndinazungulira galimoto m'galaja
ndi tochi kukamwa.
Pansi pa chiwongolero ndi poyamba kufufuza aliyense.
M'kabokosi ka mapepala, ngakhale mwana angapeze.
Kenako ndinagwada kumbali ya Nilda,
ndinapisa dzanja pansi pa mpando wake,
pomwe nsalu inasomphoka kalekale,
pomwe ankabisa ndudu zake
poganiza kuti sindikudziwa.
Zaka makumi anayi ndinadziwa,
ndipo sindinapisepo dzanja.

Munali paketi yophwanyika.
Ndudu ziwiri, zouma ngati udzu wa chilimwe.
Ndinakhala pa simenti yozizira
mpaka tochi inayamba kufooka.

Atilio anabwera Loweruka, analumikiza mawaya,
sanaboole kanthu, sanafunse za paketi.
Anangoikankhira pambali pang'ono
kuti kaswichi kapeze malo.

Lamlungu lapitali ndinavala jekete,
ndinakhala pa chiwongolero, ndinapotokola kiyi.
Inatsokomola. Zii.
Ndinapotokolanso. Zii.
Ndinatsegula boneti, ndinagwedeza mawaya,
ndinatukwana Atilio ndi makolo ake,
thukuta kamukamu, maso kumsewu
kuti Olegario asandione:
wakuba m'galaja langa lomwe.

Ndipamene ndinakumbuka.
Ndinaweramira kumpando wopanda munthu,
monga ndinkachitira pomufunsa ngati watseka gasi,
ndinapisa dzanja pansi,
chala chinakhudza pepala la ndudu, kenako nyemba ija.
Tha.

Injini inadzuka kamodzi n'kamodzi,
ngati yangomva wina akuti,
chabwino, Eleuterio, tiye,
koma usathamange.